Khadi mu Sokosi

Ndirande, Blantyre
17 Ogasiti 1978

Okondedwa amalume a Sulaiman,

Ndikhulupirira muli bwino ku Kitweko. Kuno tilipo, Aziza ndi ana akupereka moni.

Loweruka ndinathamanga nawo mpikisano wa mailosi khumi ndi atatu, kuchokera kuntchito ku Makata, kukakhotera pa Kameza n'kubwerera. Ndinafika womaliza, anzanga atasintha kale zovala, komabe ndinamaliza. Pokhotera paja, amalume, miyendo inkafuna kungopitirira.

Kabudula wanga alibe thumba, ndipo mukudziwa kuti kuno munthu sayenda wopanda khadi la chipani. Ndiye ndinaliika mu sokosi. Linatsetserekera kuphazi ine osadziwa. Nditavula nsapato pomalizira paja, linatuluka litanyowa ndi thukuta, nkhope ya mkulu uja ya pakhadipo itafufutika. Anyamata awiri a chipani, a malaya ofiira aja, anaona. Sanakalipe. Anangolemba dzina langa bwinobwino, n'kufunsa kumene ndimakhala.

Lero ndi Lachinayi, sanabwerebe. Galimoto ikaima panja, Aziza amasuzumira pazenera.

Zina sindilemba, mukudziwa chifukwa chake. Kodi kachipinda kanu kakuseri kaja kakadali kopanda munthu? Ndikungofunsira anawa.

Ndine mwana wa mlongo wanu,
Hamis