Bulaki wagundidwa kumsewu

Bambo a Doris,

Musandifunefune, ndapita ku boma kwa dokotala wa ziweto. Galu wathu Bulaki wagundidwa ndi thiraki m'mawa uno. Mwendo wakumbuyo wathyoka, m'kamwa mukutuluka magazi. Aneba athu a Saiti atitenga pa pikapu yawo.

Mlandu ndi wanga, ndavomera. Waya anatumiza Doris kuchokera ku Joni uja, wokwirira pansi kuti galu akafika m'malire lamba wa m'khosi azimugwira ndi magetsi, umafunika kuzungulira bwalo lonse. Waganyu wokumba ngalande atayamba kukweza mtengo ine ndinamuthamangitsa, mbali ya kumsewu isanathe. Ndinkati galu wokalamba chonchi akatengako chiyani kumsewu? Lero wadutsa pomwepo.

Ndiye mukangofika tengani khasu, osayamba ndi tiyi wanu uja. Ngalande isazame, chikhatho chimodzi basi, kuyambira pamtengo wa nachesi mpaka pageti. Waya wotsala uli m'thumba kuseri kwa chitseko. Nsonga ziwirizo zikakumana pakabokosi ka magetsi ndiye muyatse, apo ayi sizigwira ntchito. Bulaki akachira asadzapezenso mpata.

Doris akaimba foni musamuuze kaye, ndimuuza ndekha.

Pepani bambo. Mukudziwa kuti galuyu ndi yekhayo watitsalira wa mwana wathu Kinsley chimwalirireni. Mpaka dzulo amagonabe pakhomo la chipinda chake. Mukandiona ndikutsika pikapu ndekha, musandifunse kanthu lero. Tidzalankhula mawa.

Ndine Make Doris