Chingerezi chawathawa amuna anga, mwana sakuwamva

Aphungu,

Amuna anga ndi mphunzitsi wa Chingerezi, ndipo mwana wathu wamkazi, Kadona, atabadwa anaika lamulo lakuti chinenero chathu chizithera pageti. Ine ndinavomera. Anzanga akamanena kuti Kadona amalankhula ngati wa pawailesi, ndinkadzimva. Pano ali ndi zaka zisanu ndi zinayi, koma m'chinenero chathu amangodziwa "zikomo" basi.

Mwezi wathawu bambo akewo anagwa m'bafa, adokotala akuti ndi sitiroko. Atatsitsimuka, Chingerezi chonse chija chinali chitapita. Munthu wophunzitsa galamala zaka zonsezi! Mawu akutuluka pang'onopang'ono, koma ndi a chinenero chimene anayamwira, chomwe chija anachiletsa m'nyumba.

Dzulo ndili kukhitchini ndinawamva akuuza mwanayo kuti, "Ndigwire dzanja, mayi wanga." Anabwereza. Kadona anachoka pambali pa bedi n'kundithamangira kudzafunsa m'Chingerezi kuti adadi akufuna chiyani. Pamene ndinkalowa, iwo anali atatembenukira kukhoma. Chichitikireni zimenezi sanamuitanenso.

Mutu wanga waima. Alamu anga akuti pali dzanja la munthu. Kodi Chingerezicho chidzabwerera? Nanga mwanayu ndikayamba kumuphunzitsa chathu, sindimusokoneza kusukulu?

F.N., m'tauni

Mayi,

Kalata yanu yandikhudza, koma alamu anuwo auzeni apume. Ubongo ukavulala, munthu wodziwa zinenero ziwiri amatha kutsala ndi chimodzi, china n'kumabwerera mochedwa. Kwa ena sichibwerera chonse. Funsani kuchipatala za katswiri wothandiza odwala kuyambiranso kulankhula, koma musakhale chete kudikira Chingerezicho. Mwana akusowa bambo ake lero.

Za kusukulu musaope. Mutu wa mwana si kapu yoti ingasefukire, zinenero ziwiri zimakwanamo bwinobwino. Lamulo la pageti lija munaliika mwachikondi, koma linali lolakwika. Lichotseni.

Musayambe ndi mabuku. Mwanayo muzimutuma m'chinenero chanucho: madzi, pilo, zenera, mankhwala, ndipo akhale iyeyo wokapereka. Bambo ake apatseni ntchito yawo yakale. Aziloza chinthu n'kuchitchula, mwana azibwereza. Mphunzitsi akapeza wophunzira satembenukira kukhoma, komanso lilime lawo lizimasuka pomwepo. Kadona akapotoza mawu pasapezeke womuseka, ngakhale alamu anuwo, chifukwa mwana wosekedwa amatseka pakamwa.

Chenjerani ndi chinthu chimodzi: musasanduke womasulira wawo. Mukawazoloweretsa zimenezo, tsiku lomwe mwachokapo awiriwa azidzangoyang'anana ngati anthu okumana pasiteji ya basi. Madzulo ano mutengeni mwanayo, ikani kadzanja kake m'chikhatho cha bambo ake, mumuuze kuti ili ndi dzanja, uku ndiye kugwira. Mukatero inu tulukani, muwasiye awiri.