Esinati Sali pa Sukulu, Amayi

Amayi, kodi kumene munapitako muliko bwanji? Ife kuno ku Kabwata tilipo. Ndinachira mwezi wa Okutobala, mwana wamwamuna, mphuno yanu yeniyeni. Kumudzi ku Fort Jameson mtedza unachita bwino, koma chiswe chagwetsa nkhokwe yanu ija. Kuno pampopi mzere ukadali wautali monga munausiyira.

Chandilembetsa kalatayi ndi mdzukulu wanu Esinati. Mukukumbukira mmene tinkamuphunzitsira samu pakhonde, ine ndi zitsekerero za mabotolo, inu ndi nthanga za maungu? Akalemba dzina lake pansi ndi khala munkatikaniza kusesapo.

Muli gone kuchipatala munaitana achimwene a Yotamu n'kuwauza kuti, "Mbumba ndi yako iyi, mwanayu asasiye sukulu." Anavomera atagwada. Maliro atatha anati amutenge, poti kuno malo a Sitandade 3 ndi olimbirana, ndipo mzungu amene amamuphikira ku Kabulonga amupezera malo kwa amishoni. Mwini mbumba akalankhula, mlongo angakane? Ndinamusokera diresi, sileti n'kumumangira m'kansalu.

Lamlungu lapitali ndinati ndikamuone, dengu la mango pamutu. Ndinamupeza pamsewu atavala epuloni, akukankha kangolo ka mwana wa dona, mkazi wa mzungu uja. Chipitireni sanapondemo m'kalasi. Kunyumba za antchito salola ana ongokhala, ndiye achimwene anamupereka kuti akhale mlezi. Ndinatola kamtengo n'kumulembera pansi samu yochotsera, ija ankaimaliza ndisanaphethire. Anaiyang'anitsitsa, misozi mbwembwembwe, n'kunena kuti, "Amama, naiwala, musakalipe."

Munkati chibale ndi fupa, sichiola. Amayi, lanuli lanunkha. Achimwene alibe n'manyazi omwe, akuti mwana wamkazi akadziwa kusita basi kwakwanira. Mtima ukundiwawa, ndipo inunso ndakukwiyirani pang'ono, chifukwa munakhulupirira mwana wanu wachisamba kuposa ine amene ndinabereka Esinatiyo.

Abale akuti ndidikire akulu akumudzi adzakambe mvula ikatha. Mayeso olowera Sitandade 3 sadikira mvula. Loweruka ndikukamutenga, ndipo ndikulonjezani kuti tsiku la mayeso adzakhala pabenchi, pensulo kumanja. Mukamva kumeneko kuti mwana wanu wanyoza mwini mbumba pamaso pa azungu, dziwani kuti n'zoona, ndipo sindidzapepesa.

Ndine mwana wanu wokukondanibe,
Tereza