Juzi Imene Munalukira Kompyuta

Amayi anga, kodi kumeneko mukukhalako bwanji?

Kuno ku Dedza chisanu chafika msanga chaka chino. M'mawa nkhungu ikumaphimba phiri lonse, ndipo ana ena a m'kalasi mwanga akumabwera atavala masokosi m'manja. Ndikawaona ndimakumbukira mmene munkatithamangira ndi majuzi mpaka kumsewu, mukukuwa kuti, "Ukadwala usandiitane!" Chonsecho tikadwala munkafika tisanakuitaneni n'komwe.

Ndiyambe ndi nkhani yabwino. Apongozi anu, akazi a Limbani, achira ku Joni kuja. Ndi mwana wamkazi, ndipo amupatsa dzina lanu. Pa chithunzi chimene anatumiza wakwinya nkhope ngati inu mukamawerenga popanda magalasi. Kachewere wa kumudzi ku Kaphuka wachita bwino, kupatula munda wakumunsi umene unagwidwa ndi chiwawu. Amayi a mumphakati mwanu anabwera kudzatithandiza kukumba, ndipo pa nthawi yopuma panalibe woyambitsa nyimbo. Onse ankangoyang'anana, kudikira inu.

Koma chimene ndakhalira pansi kuti ndikuuzeni ndi nkhani ya abambo.

Titachoka kumaliro ndinawatenga kudzakhala nane kuno ku Boma. Amayi, munthu uja anangoti zii. Wailesi osatsegula, bawo osafuna, chakudya ankangochigwira n'kukankha mbale. Malaya anayamba kuwakulira. Ansembe anabwera, anzawo akale oyendetsa malole anabwera, onse ankabwerera atangomva "zikomo" basi. Ndinayamba kuopa kuti chaka chisanathe ndikumbitsa manda ena pafupi ndi anu.

Nzeru inachokera kwa Limbani. Mukukumbuka kompyuta yaikulu ija anandisiyira popita ku Joni, imene ndimalemberapo mayeso? Anati muli gemu yoyendetsa malole, ndipo anatumiza pa basi chiwongolero chake ndi zopondera. Abambo ataziona anati, "Zachibwana izi." Ndinakhala ndekha n'kuyamba kuyendetsa, iwo ali pa mpando kumbuyo kwanga. Nditayesa kubweza lole m'mbuyo, ngolo inapindika n'kugunda mpanda. Ndinangomva, "Iwe, ngolo sabweza choncho! Tachoka apo." Tsiku limenelo anadya mpaka kupempha ndiwo zina.

Chimwemwe chathu sichinakhalitse. Kompyuta inayamba kuzima. Ndikamalemba mayeso inkagwira bwinobwino tsiku lonse, koma abambo akangonyamula katundu, mu gemumo mvula n'kuyamba kugwa kapena lole n'kulowa mumzinda wa magalimoto ambiri, fani inkalira mokweza, kenako sikirini mdima bii. Ulendo wonse n'kuthera pomwepo. Palibe katundu ndi mmodzi yemwe amene anamufikitsa. Munthu amene ankanyadira kuti pa zaka zonse zimene ananyamula kachewere kupita ku Lilongwe sanasiyepo thumba panjira, ankangokhala atagwira chiwongolero, akuyang'ana mdimawo.

Mukundidziwa, chinthu chikandivuta ndimathamangira kuwerenga. Munkati ndikhoza kupsereza nyemba ndili ndi buku lophunzitsa kuphika nyemba m'manja. Ndinawerenga pa foni zonse zimene anthu a vuto ngati limeneli analemba, n'kumayesa chimodzichimodzi. Poyamba ndinaganiza magetsi, koma babu silinkaphethira, ndipo nditasintha soketi palibe chinasintha. Ndinafufuza mavairasi, osapezeka. Ndinachotsa gemu n'kuiikanso, ndinaikanso pulogalamu yatsopano yoyendetsa khadi la zithunzi. Nditachepetsa kukongola kwa zithunzi inapirirako pang'ono, koma abambo anadandaula kuti mitengo ikuoneka ngati yojambula ana a sitandade wani, ndipo inazimabe. Limbani pa foni ankati mwina kabokosi kogawa magetsi m'kati katopa, tigule kena.

Paliponse pamene ndinkawerenga ankanena chinthu chimodzi chimene ndinkachilumpha: kompyuta ikamazima pa ntchito yolemetsa yokha, yamba waona kutentha. Ndinkaseka. Kutentha ku Dedza, mu Juni? Potsiriza ndinaika kapulogalamu koonetsa mmene m'kati mukutenthera, n'kuwapempha abambo kuti ayendetse. Manambala anayamba kukwera lole isanatuluke n'komwe pageti. Mvula itayamba anafiira, kenako zii. Ndinagwada n'kupisa dzanja pansi pa tebulo, ndipo chimene ndinagwira ndi ulusi wanu, uli wotentha ngati wayanikidwa pa mbaula.

Amayi, ndi juzi ija. Miyezi imene munkakhala kuno kuti muyandikire chipatala, munaona bokosi la kompyuta lili pansi pa tebulo n'kunena kuti, "Chinthu chogula mwana wanga chizikhala chosavala pa chisanu chonchi?" Munaliyeza ndi zikhato, n'kulilukira juzi ya buluu ndi yoyera, duwa kutsogolo, kabowo ka batani, kena ka mawaya kumbuyo. Wailesi, tiyipoti, ngakhale Baibulo, zonse munaziveka kale, ndiye palibe anadabwa. Ndinali nditaizolowera moti sindinkaionanso. Koma inatseka timabowo tonse topumira. Ndi chinthu chomaliza chimene munaluka. M'munsi mwake mizere ndi yokhotakhota chifukwa manja anali atayamba kunjenjemera, ndipo pali ulusi umodzi wolendewera umene simunaumalize.

Nditawauza abambo, sanadabwe.

"Ndikudziwa," anatero. "Fungo la chinthu chotentha ndinalimva tsiku loyamba."

"Nanga osanena bwanji, abambo? Ine kuvutika konse kuja?"

"Anaiveka ndi manja awo. Ndiye ine ndiivule?" Anaimirira n'kukankhira chiwongolero kukhoma. "Zisiye. Magemu ndi a ana."

Analowa kuchipinda, ndipo mbale zinayambanso kubwerera zodzaza. Ndikanatha kuichotsa ndekha iwo ali kubafa, koma dzanja linkakana. Ndinaganiza zoiboola m'mbali ndi sizasi, ndipo maganizo amenewo anandidwalitsa. Limbani anati, "Ingochotsani asisi, ndi ulusi chabe umenewo." Atangotero ndinamva akufwenthera, foni n'kuduka.

Loweruka m'mawa ndinawapititsira tiyi kuchipinda n'kukhala pamphepete pa bedi. Sindinakonzekere chonena. Chinangobwera chokha.

"Abambo, mukukumbuka Limbani atadwala malungo ali wamng'ono, amayi ali kumunda? Munamufunditsa mabulangete onse a m'nyumba."

Mapewa awo anayamba kugwedezeka. Ankaseka, Amayi. "Amayi ako atabwera anandinena kuti ndikufuna kuphika mwana," anatero. "Anamuvula zonse, ndi juzi yomwe anamulukira okha, n'kumupukuta ndi kansalu konyowa. Ine ndili pakona ngati wakuba."

"Ndiye akanapeza kompyuta ikutentha thupi chonchi, akanatani?"

Anamwa tiyi yense, anavala masilipasi, n'kupita pabalaza. Anagwada pansi pa tebulo ndi mawondo awo ovuta aja, ndipo sanalole kuti ndiwathandize. Anazula mawaya, n'kuivula pang'onopang'ono kuyambira m'munsi, ngati mmene munkativulira tikagona tili chivalire.

Tinatulutsa bokosi pakhonde n'kulitsegula. Fumbi losakanikirana ndi ubweya wa ulusi linali litaundana pa mafani ngati chisa cha mbewa. Ine ndinkagwira fani ndi chala kuti isazungulire, n'kumasesa ndi kaburashi, iwo akupopa mpweya ndi pampu ya njinga, tonse tikuyetsemula. Tinaliika pamwamba pa tebulo, kutali ndi khoma, kuti lizipuma.

Asanayatse, abambo anakoka mpando wina n'kuuika kumanzere kwawo, mbali imene munkakhala akakutengani pa lole kupita ku msika. Anapinda juzi ija bwinobwino n'kuiika pamenepo, duwa likuyang'ana kutsogolo. Ananyamula katundu. Mvula inayamba, ine maso ali pa manambala, amene anakwera pang'ono n'kuima. Analowa mumzinda, magalimoto mbali zonse, fani ikungong'ung'udza pansipansi. Anabweza ngolo kamodzi kokha, n'kuzimitsa injini. Kenako anatembenukira ku mpando uja.

"Tafika, aNangozo. Tsikani bwino."

Ndinathawira kukhitchini. Ndili komweko ndinamva akuitana, "Mphatso, kodi kachewere wa ku Kaphuka uja alipo? Tandikazingirako."

Ndiye musakwiye mukaona kuti kompyuta ya mwana wanu ikukhala yosavala pa chisanu chino. Juzi yanu yapeza ntchito ina, ndipo tsiku lililonse ikumayenda maulendo ataliatali kuposa amene munayendapo. Ndikukulonjezani kuti abambo ndiziwadyetsa mpaka malaya awakwanenso, ndipo kukafunda ndidzabwera nawo kudzalambula pamene mwagona. Ulusi wolendewera uja sindidzaudula.

Ndimakukondani lero ngati kale,
mwana wanu,
Mphatso