Kashopu ka Abambo Pansi pa Masitepe

Okondedwa achemwali anga,

Ndayamba ndi moni. Muli bwanji kumeneko, inu, alamu ndi ana? Chifuwa chinkavuta kamtsikana kanu chija chinatha? Nanga msana wanu ukuti bwanji ndi kukhala pa makina tsiku lonse kufakitale kuja? Ife kuno tili bwino. Mlamu wanu akungonenepa ngati munthu wopanda nkhawa, mwana wayamba kuyenda moti palibe chimene chikukhalitsa patebulo. Abambo nawo ali bwino.

Mudabwa kuti ndalemba kalata pomwe foni ilipo. Nkhani ndili nayoyi ndikaiyamba pafoni mundidula pakati, ndimakudziwani. Papepala mulibe pondidulira. Muwerenge mpaka kumapeto, mukamaliza ndiye mundikalipire.

Choyamba, uthenga wabwino. Tapambana! Sitolo ya zovala ya zilembo zagolide ija, yomwe tikapita kumzinda waukulu tinkangoima pawindo lake n'kumameza malovu, ikubwera kuno. Yasaina. Itsegula mwezi wamawa mu molo yathu, chinyumba cha mashopu chimene ndimagwirako ntchito chija. Ndipo amene waikoka ndine, mng'ono wanu yemwe munkati sangagulitse madzi ngakhale kwa munthu waludzu.

Mukudziwa kuti ntchito yanga ndi yosaka amalonda oti alowe m'zipinda za molo. Pansi m'modzaza. Koma pamwamba, zipinda khumi ndi chimodzi zakhala pululu zaka ziwiri, magalasi ake atamatidwa manyuzipepala. Masitepe oyenda okha aja anachita kuwazimitsa, poti ankangonyamula mphepo. Eni molo ananena mosabisa kuti chaka chino chikatha popanda sitolo yaikulu, pamwamba pasanduka mosungira katundu, ofesi yanga n'kutsekedwa.

Vuto la masitolo apamwamba ndi loti amayang'anana. Wa nsapato akuti ndibwera akabwera wa zovala. Wa mawotchi akuti ndibwera akabwera wa nsapato. Ndiye ndinaona kuti pogwira m'pamodzi, pa wa zovala.

Ndinawalembera kawiri, kawiri konse anakana. Akuti mzinda wathu si waung'ono ayi, koma anthu ake amakonda zotchipa. Kachitatu ndinasiya zolemba, n'kumaimba foni tsiku ndi tsiku mpaka mlembi wawo anayamba kundizindikira ndisanatchule dzina. Mapeto ake mayi amene amasankha malo otsegulako masitolo awo anavomera kudutsa kuno. Akuti ola limodzi lokha.

Apa ndiye pali kulapa kwanga.

Abwana athu, amene timawatcha a Tayi chifukwa kaya kutenthe bwanji savula tayi, anati mlendo ameneyu asadzaone zonyansa pakhomo. Timashopu titatu ta pansi pa masitepe tichoke: ka wodula makiyi, ka wokonza mafoni, ndi ka telala. Anandiuza kuti ndilembe makalata owapatsa mwezi umodzi.

Achemwali, telala ameneyo mukumudziwa. Ndi abambo.

Kuntchito palibe ankadziwa zimenezi. Ndinalembedwa ntchito ndi dzina la kwa amuna anga. Tsiku loyamba, a Tayi akundionetsa malo, tinadutsa pakhomo pa abambo, ine pakamwa panangotuluka kuti, "Mwadzuka bwanji, a telala?" Iwo anandiyang'ana pang'ono n'kuyankha kuti, "Tadzuka bwino, madamu." Kuyambira pamenepo zinangokhala choncho, zaka zitatu zathunthu. Kunyumba abambo, kuntchito a telala.

Ndinkadziuza kuti ndikupewa kunenedwa kuti ndimakondera achibale. Bodza. Ndinkachita manyazi ndi tepi ya m'khosi ija ndi choko cha pakhutu chija.

Kalata ya abamboyo ndinailemba. Ndinaisaina ndi dzanja langali, n'kukaipereka ndekha. Abambo anavala magalasi, anaiwerenga pang'onopang'ono milomo ikugwedezeka, anaipinda kanayi n'kuitsindikiza ndi sizasi. Kenako anandifunsa ngati ndadya.

Sindinathe kuwayang'ana kumaso, maso anga anathawira pa zovala zopachikidwa kukhoma. Jekete lina linali litatembenuka kolala, ndipo ndinaona kansalu kolembedwa dzina la sitolo ya zilembo zagolide ija. Diresi loyandikana nalo, chimodzimodzi. Ndinaona ndithu, koma mutu unali utadzaza manyazi, sindinaganizepo kanthu. Ndinatuluka ngati wothamangitsidwa.

Mlendo anabwera mwezi uja usanakwane, timashopu tija tikadalipo. A Tayi anaitanitsa chikwangwani chachikulu chojambulidwa anthu akuseka atanyamula zikwama, n'kuchiimika kutsogolo kwake kuti tisaoneke. Abambo anauzidwa kuti makina awo asamveke. Pansi panakolopedwa mpaka munthu kumadziona nkhope, masitepe oyenda okha aja n'kuyatsidwa.

Mayiyo ndi wamfupi, wa nsapato zosalira, wosaseka. Tinamuzungulitsa monse. A Tayi anamuuza za malo oimika magalimoto ndi za makina oziziritsa mpweya. Ine ndinatulutsa mapepala a chiwerengero cha anthu olowa pakhomo tsiku lililonse. Iye ankangoti wamva, maso ali pa wotchi.

Ola lisanathe n'komwe anati zikomo. Akuti nyumbayi ndi yabwino, koma waima pamwamba nthawi yonseyi kuyang'ana anthu odutsa pansi, sanaone ndi mmodzi yemwe wovala zawo. Akuti sangabweretse masuti kuno kuti azidzadziyang'anira okha pagalasi.

Tikutsika, ndinali nditayamba kale kuganiza za mmene ndikamuuzire mlamu wanu kuti ntchito yatha.

Tili pakati pa masitepe, kuseri kwa chikwangwani kunamveka makina. Abambo anali atapirira mokwanira, zinawakwana, anaponda. Phokoso lomwe lija tinakulira nalo, achemwali, la ngati mvula pamalata. Pomwepo ndinakumbukira kolala ija.

Ndinati, "Mayi, mundipatseko mphindi zisanu."

A Tayi ananditsina pachigongono mpaka pano chizindikiro chikadalipo. Sindinawasamale. Ndinagwira chikwangwani chija ndi manja awiri n'kuchikankha. Chinalira pansi moti molo yonse inacheuka.

Titalowa m'kashopu sindinalankhule zambiri. Ndinangomupempha kuti atembenuze makolala a zovala zopachikidwazo. Anatembenuza yoyamba, anatembenuza yachiwiri. Pofika yachisanu anatula chikwama chake pampando kuti agwire bwino. Mwa zovala makumi atatu zimene zinali pamenepo, khumi ndi zisanu ndi zinayi zinali za m'sitolo yawo.

Anafunsa abambo kuti zimenezi zachokera kuti. Abambo analavulira m'dzanja mapini amene anali pakamwa, n'kuyambapo. Akuti ili ndi la namwino wamkulu wa kuchipatala, iyi ndi suti ya loya, ili ndi la mphunzitsi amene mwana wake akumaliza maphunziro. Akuti anthuwa amakwera basi maola asanu kukagula kwa inu, amayesa mothamanga poopa kusiyidwa ndi basi yobwerera, akafika kuno n'kupeza manja atalika kapena m'chiuno mwakula. Akuti simunawaone atavala chifukwa munthu savala suti yotere pobwera kudzagula sopo. Amasungira masiku ake.

Ndiye mukuwadziwa abambo akayamba. Anamuuza mayi uja kuti mathalauza awo amadulidwa ngati anthu onse ndi mitengo ya magetsi. Nsalu yamkati mwa majekete imang'ambika kukhwapa. Mabatani akuti amasokedwa ndi munthu wofulumira kuweruka. A Tayi thukuta linatsika mpaka tayi inanyowa. Ine mumtima ndinati basi, tatha tonse.

Koma mayi uja anatulutsa kabuku n'kuyamba kulemba. Pa za mitengo ya magetsi anaseka, kuseka kwake koyamba tsiku limenelo. Anafunsa kuti anthu otere alipo angati. Abambo anakwera pampando n'kutsitsa mabuku awo a miyeso aja, akuda m'mbali ndi kugwiridwa, a zaka zisanu ndi zitatu. Anakhala awiriwo kumatsegula tsamba ndi tsamba. Ola limodzi lija linasanduka maola atatu.

Potuluka anandifunsa kuti mkulu ameneyu tinamupeza kuti, nanga bwanji tamubisa kuseri kwa chikwangwani. A Tayi anatsegula pakamwa kuti ayankhe, koma ndinawatsogolera.

"Awa ndi bambo anga ondibereka. Amene ndakhala ndikuwabisa ndine."

Mawu anatuluka mokweza kuposa mmene ndinkafunira. Wokonza mafoni anamva, alonda a pakhomo anamva. Abambo sanadzutse mutu, anapitiriza kusoka thalauza limene anali nalo. Koma ndinaona phazi lawo likuphonya chopondera makina, chinthu chimene sindinachionepo chibadwire.

Tinadikira masabata atatu. A Tayi sankandiyankha ngakhale moni. Kenako yankho linafika: akutenga zipinda zitatu za pamwamba, agumula makoma kuti chikhale chimodzi. Chimene anaumirira ndi chimodzi chokha, kuti telala yemwe uja akhale ndi chipinda chake mkati mwa sitolo, wogula aziyezedwa pompo, chovala n'kukonzedwa asanapite nacho kwawo.

Mukuganiza kuti abambo analumpha ndi chimwemwe? Anakana! Akuti nanga makasitomala anga akale, a mayunifolomu a sukulu ndi a zigamba, ndiwasiyire ndani? Mayi uja anachita kuwaimbira foni yekha. Anagwirizana kuti kashopu ka pansi kakhalapobe. M'mawa azikhala pansi, masana pamwamba. Makina atsopano amagetsi awavomera, koma akale aja akuti sasuntha.

Sabata yomweyo wa nsapato anaimba yekha, munthu amene kale ankandiuza kuti ali pamsonkhano chaka chonse. Kenako wa mafuta onunkhira, kenako wa mawotchi, enanso n'kutsatira. Pamene ndikulemba pano, mwa zipinda khumi ndi chimodzi zija zatsala ziwiri zokha. Manyuzipepala amatulidwa, pamwamba ponse pakununkhira penti, akalipentala akugogoda kuyambira m'mawa. Anthu akumakwera masitepe aja kungofuna kukasuzumira.

A Tayi tsopano akumanditchula kuti mwana wathu pamaso pa eni molo. Dzana ndinawapeza m'kashopu muja ataimika manja m'mwamba, abambo akuwayeza pachifuwa, iwo akuti, "Adadi, musathinitse kwambiri." Ndinathawira kuchimbudzi kukaseka.

Si zonse zakoma ayi. Wokonza mafoni watsala, kalata yake tinaing'amba. Koma wodula makiyi anali atasamuka kale. Ndinamulondola kumene ali, pakhonde la sitolo ina pafupi ndi depoti ya mabasi, kukamupempha kuti abwerere. Anandiyang'ana n'kunena kuti wazolowera. Ngakhale mpando sanandipatse. Chimenecho chikundidyabe, ndipo ndipitanso.

Lamlungu lapitali ndinapita kunyumba kukapepesa. Ndinakhala pampando wa malemu amayi uja. Mawu ndinali nditawakonza bwinobwino m'njira, koma misozi inanditsogolera. Abambo anandisiya ndilire. Nditatopa anapisa m'thumba la malaya n'kutulutsa kalata ija. Kumbuyo kwake konse anali atalembako miyeso ya anthu. Akuti mapepala a kuofesi kwanu ndi olimba, uzindibweretserako ena, koma kutsogoloko usamalembeko.

Kenako anati, "Moni unkandipatsa tsiku lililonse, ngakhale unali wa a telala. Ndinkadziwa kuti tsiku lina lilime lidzatopa."

Achemwali, tsiku limene ndinkapita kukoleji munandiuza kuti ndisadzaiwale makina amene andiphunzitsa. Ndinaiwala. Ndikhululukireni. Ndafuna kuti mumve kwa ine, osati kwa azakhali, chifukwa iwo akaifotokoza chikwangwani chija chisanduka khoma la njerwa.

Ndili ndi pempho. Sitoloyi ikufuna telala wachiwiri. Abambo sanena, koma maso ayamba kuwanyenga. Ulusi wakuda akumadikira ndidutse kuti ndiwalowetsere mu singano. Inu ndi amene munatenga dzanja lawo, ine ndinangotenga pakamwa. Kufakitale kumeneko mukungosoka manja a malaya okhaokha tsiku lonse, chonsecho mumatha kudula suti yathunthu popanda pepala. Kambiranani ndi alamu. Sindikukukakamizani, koma dzina lanu ndalitchula kale, ndipo mayi uja akuti adikira.

Kaya muvomera kaya mukana, pa tsiku lotsegulira pokha musalephere. Ndi Loweruka loyamba la mwezi wamawa. Amene apemphedwa kudula riboni ndi abambo, ndipo akuti abweretsa sizasi yawo chifukwa ya kusitolo sakuikhulupirira. Chipinda cha mwana tikonza kuti mudzagonemo ndi ana.

Mundiperekere moni kwa alamu, muwauze kuti ndawabera akazi awo sabata imodzi. Ana muwapsompsone m'malo mwanga. Apongozi anu nawo musawaiwale. Mlamu wanu akupereka moni, azakhali akupereka moni, ndipo akuti muwabweretsere mankhwala opaka m'mawondo aja. Mulungu akusungeni nonse, akupatseni mphamvu pa ntchito, ndipo akuyendetseni bwino pobwera.

Ndinatsala pang'ono kuiwala. Ndinauza abambo kuti ndikufuna tidzavale madiresi ogula m'sitolo yatsopanoyi, inu ndi ine. Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi n'kunena kuti ana awo sangaime pagulu ndi mabatani osokedwa ndi munthu wina. Nsalu agula kale. Akuti mutumize miyeso sabata ino, ndipo ya m'chiuno musaname, chifukwa akadzangokuonani mukutsika basi adzadziwa.

Ndine mng'ono wanu,
mwana wa telala.