Galu Watafuna Gaida ya Bambo Anga

Aphungu,

Ndine bambo wachikulire ndithu, ndipo chibadwire sindinalemberepo kalata kunyuzipepala. Tsamba lanu ndimaliwerenga chifukwa akazi anga amakulungira tchizi m'nyuzipepala, ndiye ndimakupezani patebulo ndikamadya. Lero ndakulemberani chifukwa cha galu.

Ntchito yanga ndi kupanga magaida, zoimbira za kuno zokhala ndi thumba la mpweya ndi zitoliro, ndi kuwaliza m'maukwati. Zitoliro zake ndimasema ndekha, ndipo thumba lake la chikopa cha mbuzi ndimafufuta ndekha m'kanyumba kanga kogwirira ntchito kuseri kwa nyumba. Anthu a m'mapiri muno thumba likawabookera amabwera kwa ine. Sindikudzitama ayi, ndikungofuna mudziwe kuti pakhomo pathu chikopa ndiye chimatidyetsa.

Galuyo dzina lake ndi Bucho. Akazi anga, a Velichka, anamutola pakati pa nyengo yachisanu ali kamwana konjenjemera pafupi ndi migolo ya zinyalala, nkubwera naye atamubisa m'jasi. Nditamuona ndinati, "Mayi, ameneyu si wa m'nyumba. Taonani mapaziwo, ali ndi magazi a agalu olondera nkhosa. Akakula adzalingana ndi mwana wang'ombe." Iwo anati, "Inunso munabwera ndi mapazi aakulu, koma ndinakulowetsani." Nkhani inathera pomwepo.

Ndinene chilungamo. A Velichka anagwira ntchito yophika pasukulu zaka zambiri. Atapuma, ndipo mwana wathu Denitsa atasamukira kumzinda wa Plovdiv, anangoti zii. Ankakhala pawindo tsiku lonse, ngakhale kutchalitchi anasiya kupita. Chibwerere galuyu, a Velichka amadzuka m'mamawa, amavala nsapato, amatsikira naye kumtsinje, ndipo amabwerako ndi nkhani za tauni yonse. Zimenezi ndikuziona ndi maso anga, sindikuzikana.

Koma galuyu pakamwa pake pali macheka. Masilipasi a alendo amene timaika pakhomo anawamaliza onse, moti wansembe atabwera kudzawaza madzi odalitsa anayenda m'nyumba ndi masokosi. Wadya mwendo wa tebulo, chingwe cha wailesi, chipewa changa chaubweya, ndi ngodya ya mkeka waubweya umene apongozi anga analuka pamanja. Ndipo sikuti ndimamumana chotafuna. Ndikamagwira ntchito amagona pansi pa benchi langa, ndipo zidutswa zonse za chikopa zotsala ndimamuponyera. Nsanza imene ndimapakira mafuta a nkhosa pa zitoliro ikatha ntchito ndimamupatsanso, amaikonda kwambiri. Ndikamaliza amandinyambita zala. Galu wodya bwino chonchi akufunanso chiyani?

Tsopano nkhani yeniyeni nayi. Ndili ndi gaida imene anandisiyira malemu bambo anga. Thumba lake ndasintha kangapo, chifukwa chikopa chimakalamba, koma mitengo yake ndi yomwe ija anasema iwo. Pa kachitoliro kouzira mpweya panali timaenje tiwiri pamene mano awo ankaluma, ndipo ine ndikamaliza ndinkaika mano anga pomwepo. Tsiku lina ndinaipaka mafuta pokonzekera ukwati, nkuigoneka pampando pafupi ndi mbaula kuti mafuta alowerere, ine nkupita kokamwa khofi. Pobwera ndinapeza thumba lili mbwee pansi, kachitoliro kaja kali m'kamwa mwa Bucho, nsonga yake yonse yapita. Ankandigwedezera mchira. Zinandipweteka kwambiri, Aphungu, ndipo zikundipwetekabe.

Ndinabwerera konko kokamwa khofi, koma ulendo uno ndinaitanitsa rakiya, kachasu wa kuno. Anzanga a pamenepo si anthu opepesa. Wina anati, "Ndiye ukwati uja aliza ndani, iwe kapena Bucho?" Mnzake anati, "Musamunyoze galuyo, ali ndi khutu. Wakumva ukuliza nyengo yonse yachisanu, waona kuti athandize tauni." Pamenepo panalinso a Nedyalko, amene amaweta nkhosa ndi mbuzi kumtunda. Ndinati, "A Nedyalko, munkati mukufuna galu. Pa tsiku la Georgi Woyera, ziweto zikamakwera phiri, mudzamutenge." Tinagwirana chanza, ndipo munthu wachitatu analekanitsa manja athu ndi dzanja lake monga timachitira malonda akatheka. Anthu onse anaona.

Nditawauza a Velichka sanakalipe. Anapukuta manja nati, "Chabwino. Galu akakwera phiri, ine nditsika ku Plovdiv kwa Denitsa. Basi imadutsa pakhomo pompano." Anatsitsa sutikesi pamwamba pa kabati nkuiika pakhonde. Bucho anatafuna chogwirira chake, iwo anangomangapo chingwe. Chiyambire tsiku limenelo mawu amene ndimamva kwa iwo ndi akuti "Idyani," basi. Akazi angawa ndimawadziwa, saopseza pachabe.

Ndayesa zimene ndikudziwa. Ndinapaka tsabola pamiyendo ya mipando, anayetsemula nkupitiriza. Ndikapeza waononga ndimamukokera pamalopo, kumununkhiza chinthucho nkumukwapula ndi nyuzipepala, koma zimene waphunzira ndi kubisala pansi pa bedi ndikangolowa. Mnansi wanga akuti ndimumange paunyolo kunja, agalu a makolo athu ankakhala choncho.

Ndagwira njakata. Tsikulo layandikira. Mawu amene munthu wanena pamaso pa amuna anzake sabwezeka wamba, koma akazi anga sindikufuna apite. Kodi pali mankhwala owawa amene ndingapake pa zinthu kuti galuyu asiyiretu msanga? Kapena ndi agalu ena obadwa oononga, osatheka? Ndithandizeni.

S.K., Chepelare


A S.K.,

Pepani chifukwa cha kachitoliro ka bambo anu. Thumba mudzasoka lina, koma timaenje ta mano tija sitidzabwerera, ndipo palibe langizo langa limene lingatibweze. Ngati mukufuna kudandaula, dandaulani, muli ndi chifukwa.

Tsopano werenganinso kalata yanu, ndime ija ya pansi pa benchi. Miyezi yonseyi mwakhala mukumuuza Bucho tsiku ndi tsiku kuti chilichonse chonunkhira chikopa cha mbuzi, mafuta a nkhosa ndi manja a bwana wake ndi chake. Ndiyeno munatenga chikopa chachikulu kuposa zonse, nkuchipaka mafuta omwewo ndi manja omwewo, nkuchifunditsa pamoto kuti fungo limveke bwino, nkuchisiya pamsinkhu wa mphuno yake, inu nkutuluka. Galuyo anaona ngati mwamukonzera phwando. Mchira ankagwedeza uja ankakuthokozani. Inu mumasiyanitsa chidutswa chotaya ndi gaida ya bambo anu chifukwa muli ndi maso a mmisiri. Iye ali ndi mphuno yokha, ndipo kumphuno zinthu ziwirizi ndi chimodzi.

Si galu wobadwa woononga. Pa msinkhu wakewu mano a ubwana angoguluka kumene, aakulu akukhazikika, ndipo nkhama zimamuyabwa. Adzatafuna kwa miyezi ingapo ikubwerayi, mufune musafune. Chimene mungasankhe ndi chakuti atafune chiyani.

Yambani ndi chitseko. Kanyumba kogwirira ntchito kakhale ndi loko, ndipo Bucho asalowemonso, ngakhale alire panja mpaka mtima wanu usungunuke. Ndikudziwa kuti mumamukonda pansi pa benchi paja, ngakhale simunalembe choncho. Zidutswa za chikopa ndi nsanza za mafuta zipite m'chitini chovundikira, ndipo musambe m'manja ndi sopo musanalowe m'nyumba. Magaida akhale m'kabati yotseka, osati pamsomali, chifukwa galu wa mapazi amene mukunenawo posachedwa adzafika pamene inu mumafika. Masilipasi a alendo alowe m'bokosi. Musamupatse nsapato yakale poganiza kuti asiya zatsopano, chifukwa kumeneko ndi kubwereza cholakwa chomwechi ndi chinthu china.

Zimene mungamupatse zikhale zosafanana ndi chilichonse cha m'nyumba mwanu. Chidole cholimba cha mphira chokhala ndi bowo, muthiremo yogati pang'ono nkuchiumitsa mufiriji, chimamugwira nthawi yaitali ndipo chimaziziritsa nkhama. Chingwe chokhuthala chomanga mfundo, karoti wozizira, zimenezo. Muzimusinthasinthira kuti asatope nazo. Mukamupeza ali ndi chinthu chosayenera m'kamwa musamuthamangitse, chifukwa kwa iye amenewo ndi masewera okoma. Mutengereni chidole chake, musinthane, ndipo akachiluma mumuyamikire ndi mawu omwe aja mumawasungira mkwatibwi wopereka bwino.

Nyuzipepala ibwerere ku ntchito yake yokulunga tchizi. Galu sagwirizanitsa chikwapu cha tsopano ndi mwendo wa tebulo umene anatafuna m'mawa. Chimene waphunzira mwachiona kale: akamva mapazi anu, athawire pansi pa bedi. Tsabola musiyeni, angamulowe m'maso. Mankhwala owawa opopera alipo kwa dokotala wa ziweto, ndipo angateteze miyendo ya mipando, koma sasintha galu. Za unyolo, mnansi wanu waiwala kuti agalu a makolo athu ankamasulidwa kukagwira ntchito. Galu wamng'ono womangidwa tsiku lonse amatafuna khola lake, kenako mapazi ake, kenako amayamba kuluma anthu. Mukamachoka nonse awiri mutsekereni m'chipinda chimodzi chopanda kanthu koononga, muli madzi, pogona ndi zidole zake, ndipo musachedwe kwambiri.

Palinso nkhani ya miyendo ya galuyo. Ulendo wa kumtsinje wa a Velichka ndi wabwino kwa a Velichka, koma amaima ndi munthu aliyense kufunsa za moyo, ndipo galu wa magazi amenewo amabwerako asanatuluke ndi thukuta lomwe. Madzulo, nthawi imene mumapita kwa anzanu onyoza aja, mutengeni inuyo mukwere naye chitunda, anunkhize, akumbe, athamange. Galu wotopa amagona. Mungapite nayenso kokamwa khofiko, akaone amene amati ali ndi khutu.

Ndikutsineni khutu pa chinthu chimodzi. Chikopa chothira mchere ndi nsanza zikamezedwa zingathe kutseka matumbo. Mukaona akusanza, akukana chakudya, kapena mimba yauma, musadikire kuti muone mawa, thamangirani kwa dokotala wa ziweto. Ndipo pa phwando la Georgi Woyera mafupa a nkhosa yootcha asamufike, amasweka mosongoka.

Tibwere kwa a Nedyalko. Mukuganiza kuti kumutumiza kuphiri ndi kumupatsa moyo woyenera mtundu wake. Agalu olondera amaikidwa m'khola ali ana osatsegula bwino maso, amakula akuona nkhosa ngati abale awo. Wanuyu wakulira pambali pa mbaula, ndipo chimene akudziwa za mbuzi ndi chimene munamuphunzitsa inu, kuti imakoma. Mukamuika pakati pa ana a mbuzi ongobadwa kumene, mukudziwa bwino kuposa ine zimene abusa amachita ndi galu wolawa ziweto. Sadzamubweza kwa inu.

Choncho chifukwa chobwezera mawu muli nacho, ndipo ndi choona. Tengani botolo la rakiya, mukwere kwa a Nedyalko, mukawauze kuti galu uja analeredwa ndi zikopa za mbuzi ndipo simungawagulitse mavuto. Mbusa aliyense wanzeru adzakuthokozani. Anzanu adzakusekani sabata imodzi, mwina ziwiri, mpaka wina adzagwetse galimoto m'ngalande apeze nkhani ina. Munthu woliza m'maukwati wasekedwapo kale ndi zidakwa zambiri, sizinamuphe.

Koma musayambe ndi kuwauza a Velichka kuti mukuganiza zopita kwa a Nedyalko. Pitani kaye, loko ikhale pachitseko, Bucho abwere kuchokera kuchitunda ali wefuwefu pambuyo panu, kenako munene. Ndipo musanene kuti mwamukhululukira galu. Nenani kuti munapereka chinthu chimene sichinali chanu. Anamutola ndi iwo, ndipo ndi iye amene anawachotsa pawindo pamene inu ndi magaida anu onse munalephera.

Mukachita manyazi mpaka tsikulo lifike, dziwani mmene zidzayendere. Bucho adzalira masiku angapo, ndipo akapulumuka kwa abusa adzazolowera phiri, agalu amatero. A Velichka adzazolowera Plovdiv, kuli mwana wawo, kuli anthu ocheza nawo. Wotsala m'nyumba yaudongo, yopanda chotafunidwa ndi chimodzi chomwe, mudzakhala inu, ndipo sindikuganiza kuti mudzazolowera.

Aphungu