Njinga Yosachoka Pamalo

Lolemba, 3 Malichi

Alamu abweretsa chitsulo chija lero. Umamangirirapo tayala lakumbuyo la njinga, n'kumapalasa uli pamodzimodzi. Tachiika pabalaza, pakati pa firiji ndi zenera. Zaka 24 ndikuyendetsa basi, lero ndili pa njinga yosafika ngakhale pakhomo.

Adokotala amene anandiika kachubu mu mtsempha wa mtima akuti pa 18 adzandiyesa pa makina. Zikayenda bwino, kalata yobwerera kuntchito. Mpaka tsikulo ndizipalasa mphindi 20 tsiku lililonse, n'kumalemba zonse m'kope. Mtima usapitirire 115.

Alamu akuti opalasa enieni amagula kachipangizo koyeza mphamvu ya miyendo. Ndafunsa mtengo. Ungagule njinga zinayi ngati yangayi. Ndawauza kuti mphamvu zanga ndikuzidziwa kale, n'zochepa.

Lachiwiri, 4 Malichi

Kuwerenga mtima: zala ziwiri pakhosi, masekondi 15, kuchulukitsa kanayi. Koyamba ndapeza 64, kachiwiri 140. Mmodzi mwa anthu awiriwa ndine.

Mayi a kunyumba ayala katoni pansi chifukwa cha thukuta.

Lachinayi, 6 Malichi

Alamu abweranso, ndi kawotchi ka liwiro kachikale, ka waya ndi maginito. Amanga ngati akatswiri. Ndapalasa mphindi zisanu, kakungoonetsa 0. Maginito anawaika ku tayala lakutsogolo, lomwe silizungulira. Ati amandiyesa ngati ndili tcheru.

Tasamutsira kumbuyo, waya talumikiza ndi wa wailesi yakufa ija. Malamulo awo: giya yomweyomweyo, mpweya wa m'tayala wofanana tsiku lililonse, chomangira chija osachigwiragwira. Apo ayi manambala a lero ndi a mawa sangafanizidwe.

Makilomita 6.2. Ndatsikira pomwe ndinakwerera.

Loweruka, 8 Malichi

Ndaimbira anamwino za manambala osokonekera aja. Aseka. Akuti ndizingoyankhula ndikupalasa. "Mukatha chiganizo chonse osadukiza mpweya, muli bwino. Mukatha kuimba, ndiye ulesi. Mawu akakanika, tsikani." Pomaliza ndizidzipatsa malikisi a kutopa, kuyambira 1 mpaka 10.

Ndayamba kuyankhula ndi firiji. Ndinali pakati pofotokoza za mabuleki, Mayi atulukira kuchokera kukhitchini, andiyang'ana, ayang'ana firiji. Abwerera. Abweranso ndi mpando, atenga kope ndi cholembera.

"Yankhulani ndi munthu, bambo. Oyandikana nawo akumva."

Lamulungu, 9 Malichi

Mayi amafunsa, ine ndimayankha, iwo amalemba pomwe ndapumira. Lero anati nditchule masiteji onse a msewu wanga, kupita ndi kubwerera. Sindinaphonye. Kenako masiku obadwa a ana atatu. Ndaphonya awiri. Alemba m'kope kuti "mpweya ulipo, mutu mulibe."

6.5. Kutopa 5.

Lachitatu, 12 Malichi

Mafunso osavuta atha, zikuoneka.

Mphindi ya 11, ndili bwinobwino, Mayi osakweza mutu: "Chifuwa chija chinayamba liti kupweteka? Osati tsiku munagwa kudepoti. Kuyamba kwenikweni."

Ndinayesa kupuma mwamphamvu ngati mawu akukanika. Anati mphindi yapitayo ndanena chiganizo cha mawu khumi ndi awiri.

Ndinati miyezi isanu.

"Mukuyendetsa anthu?"

Eya.

"Mukugona pambali panga?"

Eya.

Anatseka kope, anaika cholembera pamwamba bwinobwino, n'kunyamula mpando wawo. Ndinamaliza mphindi zotsalazo ndekha. 6.4. Malikisi a kutopa sindikudziwa ndilembe angati.

Lachinayi, 13 Malichi

Mpando sunabwere. Chakudya chinabwera, mchere wochepa monga mwa lamulo.

Lachisanu, 14 Malichi

Mphindi ya 14 chinabwera. Osati kupweteka kwenikweni. Ngati munthu wakuika chikhatho pachifuwa n'kumakankha mwaulemu. Ndinasiya kupalasa, ndinakhala pachishalo kuyang'ana zenera. Wogulitsa mapaipi kutsidya kwa msewu amatsitsa katundu, ndinawerenga mapaipi 17. Kenako chinachoka.

M'kope la adokotala ndalemba: 4.3, tayala linaphwa.

Tayala lili bwino.

Lamulungu, 16 Malichi

Dzulo ndi lero palibe chilichonse. 6.8, kenako 7.0, giya yomweyo, mtima 108. Alamu aona kope, akuti ndikadayamba ndili mnyamata bwenzi pano ndili pa TV. Pa Lachisanu paja anaima, napita kukatsina tayala. Ati mwina valavu. Ndati mwina.

Mayi anali pakhomo la khitchini akupukuta mbale imodzi nthawi yonseyi.

Lolemba, 17 Malichi

Ndasita yunifolomu. Ikukhwepa m'chiuno.

Lachiwiri, 18 Malichi

Mayi anavala ine ndisanawapemphe.

Kuchipatala anandimata mawaya pachifuwa, nandikweza pa njinga yawo. Nayonso sichoka pamalo, koma ili ndi manambala onse amene alamu amawalota. Mphindi zisanu ndi zinayi. Adokotala anayang'ana pepala lalitali lotuluka m'makinamo, anati si zoipa. Anatsegula kope langa, anaseka za mutu mulibe zija, natenga cholembera. Kalata inali kale pa tebulo, dzina langa lili pamwamba.

"Palibe chomwe munamvapo masabata awiriwa? Kuthina, chizungulire?"

Mayi anali pampando wa pakona, chikwama pamiyendo, akuyang'ana kalendala ya pakhoma. Sanandiyang'ane n'komwe. Bola akadandiyang'ana.

Ndinati Lachisanu tayala silinaphwe.

Adokotala anabweza cholembera m'thumba. Mafunso ambirimbiri: mphindi iti, mbali iti, chinatenga nthawi yaitali bwanji. Asintha mankhwala amodzi, andiyezanso zina Lachinayi, za kalata tidzakamba pakatha masabata asanu ndi limodzi. Njinga ndiyambe ndaisiya mpaka atandiuza. Anati ndachita bwino kunena. Sindinamve ngati munthu wochita bwino.

Pobwerera tinakwera basi ya msewu wanga. Woyendetsa anali Kamtedza, yemwe ndinamuphunzitsa ndekha kubwerera m'mbuyo. Atandiona anakuwa, basi yonse kumva: "Akulu! Mwachira? Tikuonani liti?"

Ndinali nditakonza kale yankho la masiku onse, lakuti posachedwapa. Ndinati, "Sindinachire, mphwanga. Mtima ukadavutabe."

Anati pepani akulu, natseka chitseko.

Mpando wopanda munthu unali umodzi. Mayi anandikankhira pamenepo ndi chigongono, iwo naima, dzanja limodzi pachitsulo, lina paphewa langa. Pa siteji yachitatu anawerama.

"Lachisanu ndinamva njinga itasiya kulira. Ndinaima kuseri kwa chitseko ndi foni m'manja mpaka munatsika."



Kamtedza analowa pakona ya pamsika ndi giya yolakwika, basi yonse kugwedezeka. Dzanja lija linandigwira zolimba. Ndinamusiya ayendetse.